Bambo Sakudya

Chisamba anawapeza bambo ake akuboola lamba. Anali atakhala pa benchi yawo ya ukalipentala kuseri kwa nyumba, lamba ali pathabwa, msomali kumanzere, hamala kumanja. Anamenya koyamba n'kuphonya. Anamenyanso, msomali n'kudumpha kukagwera mu utuchi. Munthu amene anakhoma madenga a theka la nyumba za mumsewu umenewo, lero kamsomali kamodzi kankamuvuta.

"Bambo, mukuboolanso? Si dzana lomweli munaboola bowo lina?"

"Buluku likuvuka. Ukufuna ndichititse manyazi pamaso pa anthu?"

"Bulukulo silinakule ayi. Inuyo ndi amene mukutha." Chisamba anasuntha hamala, naika mbale pathabwapo. "Ndaphika mpunga wofewa, ndathiramo msuzi wa nkhuku. Ingolawani."

Bambo anatenga supuni chifukwa cha ulemu basi. Anatapa pang'ono, naika m'kamwa. Anatafuna, kutafuna, kutafunabe, ngati awapatsa chikopa. Kenaka anatembenukira kukhoma kuti mwana wawo asaone, nalavulira m'dzanja.

"Sichikutsika, mwanawe. Pakhosi pano patseka. Ndipo chilichonse m'kamwa muno chikungokhala ngati utuchi."

"Mapiritsi a shuga mwamwa?"

"Ndamwa."

"M'mimba mopanda kanthu! Mukufuna mugwenso ngati dzulo?"

Bambo anawerama n'kuyamba kufufuza msomali wawo uja mu utuchi.

Sabata inali itapitirira chiikireni amayi m'manda, ndipo kuyambira tsiku limenelo bambo anali asanameze kanthu kupatula madzi ndi tiyi wa theka la kapu. Dzulo lake chizungulire chinawagwira ali pampopi, thukuta lili kamukamu, mpaka anachita kuwanyamula. Adokotala ataitanidwa sanapite m'mbali. Anati thupi la munthu wa shuga silichedwa kugonja, ndiye ngati sayamba kudya agonekedwe kuchipatala, akaikidwe diripi. Bambo anamvetsera mwaulemu, adokotala atangotuluka iwo anati, "Kumeneko ndinalowa ndi mayi anu, ndinatuluka ndi chikwama cha zovala zawo. Mukandipititsa, mukatenganso chikwama." Sanakweze mawu. Ananena ngati mmene amanenera kuti thabwa ili lafupika.

Mlendo ndi mame. Anthu amene anadzaza bwalo pamaliro anali atabalalika, m'nyumba munangotsala anthu anayi. Chisamba, mwana woyamba, anali mphunzitsi kutauni ina yakutali, ndipo ahedi anali atamuimbira kale kuti Lolemba akhale ali m'kalasi. Mzime, mlongo wake, ankayendetsa lole ndipo ankakhala tsidya lina la tauni yomwe ankakhala bambo. Panalinso azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anabwera kudzathandiza masiku awiri koma chikwama chawo chinali chitazika mizu pansi pa bedi.

Chisoni sichigwira anthu malo amodzi. Mzime chinamugwira m'mimba. Ankadya ngati wabwezedwa kumene ku njala, ataimirira pa firiji, zotsala za bambo zonse zikuthera mwa iye, ndipo akatha ankachita manyazi n'kuyamba kukalipira aliyense amene wamuona. Azakhali chinawagwira m'manja. Ankakolopa pamene akolopa kale, kutsuka mapoto oyera, zala mpaka kusupuka. Koma Chisamba, chisonicho sichinamupatse ngakhale dontho la misozi, moti amayi ena pamaliro ananong'onezana kuti mwana ameneyu ndi wouma mtima. Sankadziwa kuti mutu unkamuwawa ngati aumanga ndi waya, nsagwada zinkadzuka zili gwa chifukwa chokukuta mano kutulo, ndipo kawiri konse anali atathira mchere mu tiyi. Nayenso sankadya, koma wophika ndani amamufunsa ngati wadya? Amati wakhuta fungo.

Anabwerera kukhitchini ndi mbale ili yodzaza. Mzime anaiyang'ana, nayang'ana mlongo wake.

"Akananso?"

"Tenga udye. Ndikuona maso ako."

"Achemwali, musandiyambe." Koma anatenga. Anadya supuni ziwiri mwamsanga, kenaka anaiponya mbaleyo patebulo ngati yamuotcha. "Ine mawa ndikubwereka galimoto kwa abwana. Afune asafune, tikuwatengera kuchipatala."

"Unawamva zimene ananena."

"Ndiye titani? Tiziwaonerera akufota pabenchi paja? Tikwirire anthu awiri mwezi umodzi?"

"Tsitsa mawu, akumva."

"Amve! Inu Lolemba mukukwera basi. Otsala nawo ndine. Akadzagwa ndili pamsewu, mudzandifunsa pafoni kuti unali kuti."

"Ukufuna ndisiye ntchito?"

"Ndani wanena zimenezo? Inu zanu n'zobwera pa holide ndi mabisiketi, kujambulitsa ndi amayi, n'kubwerera. Zaka zonsezi."

Chisamba anamutembenukira. "Iwe wokhala pafupiwe, amayi unawadyetsapo kangati? Tanena. Kangati?"

Yankho linali limodzi kwa onse awiri. Palibe mwa iwo amene anawadyetsapo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zaka zingapo zapitazo amayi anagwa tsiku lina m'mawa akuyanika zovala, sitiroko n'kuwapha mbali yonse yakumanja, n'kuwalandanso mawu. Mayi amene ankamveka kuchokera kumsika akamatsutsa mtengo wa tomato anangotsala ndi maso ndi dzanja lamanzere. Kuyambira pamenepo bambo anachepetsa ntchito, nakhala namwino. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwapesa tsitsi, ngakhale kuti mapesedwe ake anali a kalipentala. Anawakhomera mpando wapadera wokhala ndi kathabwa kutsogolo koikapo mbale. Koma nthawi ya chakudya ikakwana ankalowa kuchipinda ndi mbale, n'kutseka chitseko. "Mayi anu safuna kuonedwa dovu likuchucha," ankatero. Ana analemekeza chitsekocho, ndipo kunena zoona, chinawapeputsira mtolo.

Azakhali, amene ankapukuta mashelefu kumbuyo kwawo, anasiya kupukuta.

"Mwina ndi chipinda chija," anatero motsitsa mawu.

Onse ankaganiza zomwezo. Tsiku lotsatira maliro, bambo ataperekeza abale kudepoti, azakhali anati munthu sangachire akamagona pakati pa zinthu za womwalira. Chisamba ndi Mzime anavomera, ndipo anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Chikuku chimene ankayendera amayi anakachibweza kumene chinabwerekedwa. Matiresi a pulasitiki anawataya. Mabotolo a mankhwala, matawulo, timapilo tochirikizira msana, zonse zinatuluka. Mpando uja anaupereka kwa anansi apakona amene ali ndi agogo ofa ziwalo. Bambo atabwera anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, akuyang'ana simenti yonyezimira. Kenaka anati, "Mwakolopa bwino." Mawu okhawo.

"Ine ndimati ndikuthandiza," azakhali anatero, akupotokola kansalu kawo. "Achimwene anga ndimawadziwa, mtima wawo ndi wofewa. Ndimati asamaone."

"Madzi akatayika saoleka, azakhali," anatero Mzime.

"Mpando si madzi," anatero Chisamba. Anavala nsapato natuluka.

Kwa anansi apakona anamulandira bwino, kumupepesanso za maliro. Anali atakonza mawu ake m'njira: pepani, tinalakwitsa, bambo akuufuna. Koma atangolowa pabalaza anawaona agogo aja atakhala pampandowo pafupi ndi zenera, mbale ili pakathabwa, mpongozi wawo akuwapukuta pachibwano.

"Mukatithokozere akalipentala," anatero mpongoziyo. "Chiyambireni kudwala, agogo sanakhalepo tsonga chonchi. Poyamba ankatsamwa tsiku lililonse, pano ayi. Mulungu awadalitse. Kodi iwo akupeza bwanji?"

"Aliko," anatero Chisamba.

"Mumafuna kanthu?"

"Ayi. Ndimangodutsa."

Pobwerera anaima pakati pa njira, osakumbukira kuti akupita kuti. Anayang'ana mageti a nyumba zimene anakulira pakati pake, onse ngati achilendo. Panapita kanthawi asanazindikire lawo.

Madzulo ake aliyense anayesa nzeru zake. Azakhali anayamba ndi kukalipa. "Achimwene, mwamuna wamkulu ngati inu! Mukufuna ana awa atsale okha? Mlamu wanga akanakondwa kukuonani chonchi?" Bambo anangoti, "Wanena zoona, mlongo wanga," osakhudza mbale. Mzime anagula yogati ndi nthochi, naziika pabenchi mosalankhula, ndipo nyerere zinathokoza. Abusa anabwera, anapemphera mpaka thukuta, bambo n'kuyankha ameni momveka bwino, koma pakhosi osatseguka. Pomaliza Chisamba anagwada patsogolo pawo, natapa yekha ndi supuni n'kuwalozetsa kukamwa.

Bambo anabweza mutu, nkhope itachita mdima.

"Ine si wodwala."

"Bambo, chonde. Imodzi yokha."

"Ndati ine si wodwala. Wodwala anapita."

Chisamba anatsitsa supuni. Kusukulu ankatha kukhazika chete ana makumi asanu ndi diso lokha, koma pano analibe chochita. Ankawaona bambo ake akuchoka pang'onopang'ono ali pompo, makwinya a pakhosi akuchuluka, mphete ikuzungulira pachala, ndipo iye analibe pogwira kuti awabweze.

"Chabwino," anauza Mzime atabwerera m'nyumba. "Kabwereke galimotoyo."

Kutacha Mzime analawira kwa abwana ake. Azakhali anapita kukagula sopo ndi beseni zoti akagwiritse ntchito kuchipatala. Bambo sanatsutse. Anasamba, anavala malaya oyera amene tsopano ankawalendewera m'mapewa, nalongedza okha kachikwama. Kusatsutsako ndiko kunamuopsa Chisamba kuposa china chilichonse.

Anaphika phala. Sankayembekezera kuti adya, koma manja ankafuna chochita. Anawafuna kuseri, kunalibe. Anawapeza kuchipinda kuja, atakhala m'mphepete mwa bedi, kachikwama pamiyendo, akuyang'ana pakona pamene pankakhala mpando.

"Bambo, musanapite—"

Sanamalize. Chipinda chinapendekeka. Makutu analira, kutsogolo kunachita mdima, miyendo n'kukhala ngati si yake. Anamva msana ukutsetsereka pakhoma, ndipo chomaliza chimene anaganiza chinali chakuti phala litayika pasimenti ya azakhali.

Silinatayike. Atatsegula maso anapeza mbale ili pabedi, iye atakhala pansi chotsamira khoma, pilo ali kumsana, bulangete lopinda litamuchirikiza m'mbali kuti asagwere kumanja. Bambo anali atagwada patsogolo pake. Anamugwira pachibwano ndi zala ziwiri, nam'weramitsa mutu pang'ono.

"Usagadamike, ungatsamwe. Unadya liti?"

"Dzulo."

"Usandinamize. Unadya liti?"

Chisamba anayesa kukumbukira. Sanathe.

"Mphunzitsi wonse," anatero bambo, akupukusa mutu. Anatulutsa tawulo m'kachikwama kawo ka kuchipatala, namuyala pachifuwa, nakanikiza nsonga zake kuseri kwa mapewa. Anatenga mbale, natakasa phala kuchokera m'mbali mmene mumayamba kuzizira. Anatapa theka la supuni, anauzira, nakhudzitsa pamlomo wawo kuti amve kutentha.

"Yasamula."

Anayasamula. Supuni inalowera mbali yakumanzere kwa kamwa, mbali imene amayi ankamva, ndipo potuluka inapalira mlomo wam'munsi mofatsa kuti pasatsale kanthu. Phalalo linali lofunda. Litangotsika, china chake chinamasuka m'chifuwa mwake, ndipo misozi imene inakana pamaliro inabwera yonse nthawi imodzi. Analira ngati kamwana, mamina ndi misozi pamodzi, mapewa akugwedezeka.

"Amayi," anatero. "Amayi anga ine."

"Lira, koma umeze kaye." Bambo anamupukuta ndi nsonga ya tawulo, nadikira mpaka mpweya utabwerera. "Yasamulanso."

Anameza yachiwiri. Bambo anatapa ina, anauzira, naikweza. Koma supuni inaima m'malere. Chisamba anali atayasamula kale, akudikira, ndipo bambo ankangomuyang'ana pakamwa modabwa, ngati wasokoneza nyimbo imene onse akuidziwa.

"Bwanji, bambo?"

"Ukungoyasamula ngati kamwana ka mbalame." Mawu awo anali atasasa. "Mayi ako pamenepa ankatseka pakamwa."

"Ankakana kudya?"

"Ankakana kudya okha." Bambo anayang'ana supuniyo. "Atangotuluka m'chipatala ulendo woyamba uja, ine ndinkawadyetsa, kuchapa, kukolopa, dzuwa n'kulowa ndisanalawe kanthu. Ndinkaiwala. Tsiku lina ndikuwapatsa, iwo milomo gwa. Ndinanyengerera, ayi. Ndinakalipa, ayi. Ndimati mwina phala lapsa. Kenaka ndinangoona kadzanja kamanzere kaja kakukwera, kakundigwira apa pamkono, kukankha supuni kuti ibwere kwa ine."

Anaonetsa pamkono pawo, pamwamba pa wotchi, ngati chala chasiya chizindikiro.

"Ndinati mayi, ichi ndi chanu. Anandiyang'ana. Ukulidziwa diso lija ankawayang'ana nalo ogulitsa nyama akaba pasikelo? Sitiroko sinalikhudze limenelo. Ndinadya. Anadikira mpaka ndimeze, ndipo ndikabisa m'tsaya ankadziwa. Ndiye anayasamula. Kuyambira tsiku limenelo zinali choncho, ziwiri zawo, imodzi yanga. Masiku amene aona kuti ndatopa ankabera, imodzi yawo, imodzi yanga. Munthu wosalankhula, koma ankandilamula m'nyumba muno mpaka tsiku lomaliza."

Anaseka pang'ono, kuseka kumene kunathera m'chifuwa.

"Inu mumati ndimawadyetsa. Zaka zonsezi ine sindinadziikirepo mbale yanga, mwanawe. Mukandiikira chakudya patsogolo ndimangochiyang'ana. Sindikudziwa kuti munthu amayamba bwanji yekha."

Kunja kunamveka galimoto ikuima pageti, kenaka hutala. Chisamba anaganiza za amayi ake mmene ankawaonera pa holide, atakhala pampando paja, mutu utapendekeka, iye n'kumawalankhula mokweza ngati ogontha, kuwamvera chisoni kuti palibenso chimene angachitire munthu. Manyazi ndi chikondi zinamugwira pamodzi.

Supuni inali idakali m'malere, phala likuyamba kuuma pamwamba. Chisamba anatseka pakamwa. Anakweza dzanja lamanzere, nagwira mkono wa bambo ake pamwamba pa wotchi, nakankha.

Bambo anatseka maso. Phala pang'ono linadonthera pa malaya oyera. Anaiika supuniyo m'kamwa. Anakhala nalo phalalo nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makwinya a m'masaya, kenaka anameza movutikira, nkhope itakwinyika ngati akumeza mwala. Anapuma mozama. Anatapanso, anauzira, namupatsa mwana wawo. Anamupatsanso ina.

Hutala inaliranso, kawiri. "Achemwali!" Mzime anakuwa ali pageti. "Abwana akuifuna galimotoyi masana!"

Bambo anatapa supuni yachitatu, naiyang'ana.

"Nanga Lolemba ukapita," anafunsa motsitsa, "adzanditsekere pakamwa ndani?"

Chisamba anangoluma milomo, nakankhanso mkono wa bambo ake ndi dzanja lamanzere.